Aphungu Asanu ndi Atatu, Mtsinje Umodzi

Tsiku lomwe ndinawauza agogo omwe ndimawasamalira kuti unzika wanga wa Canada watuluka, ndinkaganiza kuti angondiyamikira kenaka tipitirize kumwa tiyi. Chaka cha 2022 chinali chikupita kumapeto, kunja kutayera kale ndi sinowo. Anandiyamikiradi, mpaka kundigwira dzanja. Kenaka anaika kapu pansi.

"Tsono poti nawe uzivota, mwana wanga, ukuwadziwa anthu omwe akhalapo pampando wa dera lino?"

Sanadikire kuti ndiyankhe. Anayamba kupinda zala chimodzichimodzi: Russell, Klein, Cheffins, Redford, Dirks, Clark, Schweitzer. Mayi a zaka zoposa 80, omwe masiku ena amandifunsa kawiri ngati amwa mankhwala a m'mawa, anawatchula mayinawo motsatana bwinobwino osadumpha ngakhale limodzi.

"Nanga panopa alipo ndani, agogo?"

"Panopa palibe. Mpando wangokhala wopanda munthu chichokere mu Ogasiti."

Madzulo a tsikulo ndili mu basi ya nambala 3 yomwe imadutsa mu Elbow Drive, mayina aja ankangondizungulira m'mutu. Ifetu Amalawi a kuno ku Alberta, chigawo china cha dziko la Canada, chisankho cha kumudzi chikafika timachezera pa Facebook ndi pa WhatsApp, kuwerengera limodzi mavoti a ku Nsanje ndi ku Chitipa. Palibe cholakwika, mtima uli komweko. Koma phungu yemwe amakavotera bajeti ya chipatala chomwe timagwiramo ntchito ndi sukulu ya ana athu, ambiri a ife dzina lake sitilidziwa. Ndiye ndati ndilembe za dera lomwe ndimakhala mumzinda wa Calgary, lotchedwa Calgary-Elbow, momwe agogo aja anandiphunzitsira kuliwerenga.

Malo ake

Alberta ili ndi boma lakelake komanso Nyumba ya Malamulo yakeyake ku Edmonton, ya mipando 87. Zipatala, sukulu, malamulo a lendi, zonsezi si za boma lalikulu la ku Ottawa ayi, n'za boma la chigawo. Kavotedwe kake n'kofanana ndi ka aphungu kwathu: yemwe wapeza mavoti ambiri m'dera ndiye wapambana, ngakhale atamposa mnzake ndi voti imodzi yokha. Mtsogoleri wa chipani chomwe chatenga mipando yambiri ndiye amakhala Premier, ndipo naye amafunika kukhala ndi dera lomwe akuliimira.

Dera la Calgary-Elbow linakhazikitsidwa mu 1971. Dzinalo n'la mtsinje wa Elbow, womwe umachokera m'mapiri a Rocky kumadzulo, n'kudzera pa damu la Glenmore, kenaka n'kumakhotakhota pakati pa nyumba za anthu mpaka kukathira mu mtsinje wa Bow pafupi ndi pakati pa mzinda. M'mbali mwa mtsinjewo muli Elbow Park, Roxboro ndi Rideau Park, ndipo pamtunda pali Mount Royal ndi Britannia. Kumeneku n'kwa maloya, madokotala ndi mabwana a makampani a mafuta, nyumba zazikulu za mitengo yakalekale pakhomo. Koma ukangotsetsereka kulowera ku mashopu a Chinook Centre wafika ku Windsor Park, komwe kuli mafulati a ife a lendi. Tonsefe phungu wathu ndi mmodzi.

Zaka 36 za chipani chimodzi

Chaka chomwe deralo linabadwa ndi chomwecho chomwe a Peter Lougheed ndi chipani cha Progressive Conservative, chomwe aliyense amangochitchula kuti PC, anagwetsa boma la Social Credit lomwe linalamula kuyambira 1935. Ku Elbow kunapambana a David Russell, ndipo anakhalapo mpaka 1989, ali nduna, pamapeto pake mpaka kukhala wachiwiri kwa Premier. Agogo akuti nthawi imeneyo panalibe choganiza kawiri. Chisankho chikafika iwo ndi amuna awo ankangopita kukachonga pomwe pali PC n'kubwerako.

Kenaka kunabwera a Ralph Klein. Munthu ameneyu anayamba ngati mtolankhani wa pa TV, n'kukhala meya wa Calgary kuyambira 1980 mpaka 1989, ndipo mpikisano wa Olympics wa nyengo yozizira wa 1988 unachitika iwo ali pampando. Analowa m'Nyumba ya Malamulo kudzera ku Elbow mu 1989, ndipo mu Disembala 1992 anakhala Premier. Anadula ndalama za boma mosayang'ana nkhope pofuna kuthetsa ngongole. Chipatala cha Calgary General chinatsekedwa, ndipo mu Okutobala 1998 chinagwetsedwa ndi mabomba anthu akuonerera. Mu 2004 analengeza kuti ngongole ya chigawo yatha, ndipo kumayambiriro kwa 2006 munthu aliyense wokhala mu Alberta analandira madola 400.

Mpaka lero ukatchula dzina la a Klein pakati pa okalamba, ena amamwetulira, ena amakwinya nkhope. Anamwino akale omwe ndagwira nawo ntchito amakumbuka anzawo omwe anachotsedwa ntchito m'zaka zimenezo n'kusamukira kwina. Agogo anga akuti ankawavotera a Klein uku akung'ung'udza za zipatala. Koma ankawavoterabe.

Zinthu zinatembenuka a Klein atachoka. Mu 2006 mamembala a chipani chawo anawapatsa 55 peresenti yokha pa voti yowafunsa ngati apitirize kutsogolera, ndipo iwo anamva uthengawo. Utsogoleri unapita kwa a Ed Stelmach, mlimi wa kumpoto chakum'mawa kwa Edmonton, yemwe anagonjetsa a Jim Dinning omwe anthu a ku Calgary ankawayembekezera. Mu Juni 2007 kunachitika chisankho chapadera chodzaza mpando wa a Klein, ndipo dera lomwe kwa zaka 36 silinadziwepo chipani china linasankha a Craig Cheffins a Liberal.

Ndinawafunsa agogo ngati nawo anali m'gulu limenelo. Anavomera ndi mutu.

"Sikuti ndinasiya kukhulupirira zomwe ndinkakhulupirira. Ndinkangofuna adziwe kuti mpandowo si wawo."

Apa mpomwe ndinayamba kumvetsa. Kwa anthu a dera lino, mpando wa phungu uli ngati khasu lomwe wabwereketsa mnansi: alimire, koma mwini wake akalifuna amalitenga osapepesa. A Cheffins analigwira kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi basi. Mu Malichi 2008 mayi Alison Redford a PC anawaposa ndi mavoti opitirira 400 pang'ono. Ndipo chichokereni a Klein, mayi Redford okha ndi omwe apambanapo kawiri m'dera lino.

Madzi a mu Juni 2013

Ndinali ndisanazolowere n'komwe mzindawu pomwe madzi anabwera. Mvula yamphamvu inagwa m'mapiri pamwamba pa sinowo yemwe anali asanathe kusungunuka, ndipo pa 20 ndi pa 21 Juni mitsinje ya Bow ndi Elbow inasefukira. Kummwera konse kwa Alberta anthu oposa 100,000 anathawa m'nyumba zawo, asanu anamwalira, ndipo katundu woonongeka anaposa madola 5 biliyoni. Bwalo la Saddledome linadzaza madzi mpaka kumiza mipando ya m'munsi.

Madzi ataphwera ndinapita ndi anzanga a kutchalitchi kukathandiza ku Elbow Park. Zomwe ndinaona sindidzaiwala. M'misewu yonse munali milu ya katundu wa matope: masofa, mafiriji, mabuku, zithunzi za maukwati zitamatirirana. Matope ake anali onunkha, oterera, olowa paliponse. Anthu osadziwana ankapatsirana zidebe kuchokera m'mabesimenti, ena akugawa chakudya pamsewu. Ine wokulira kufupi ndi madambo ndinkadziwa kale kuti madzi saiwala khwawa, koma sindinkaganiza kuti ndidzaziona m'dera la anthu olemera chonchi.

Nthawi imeneyo phungu wa deralo anali Premier yemwe. Mayi Redford, loya yemwe m'zaka za m'ma 1990 anagwirapo ntchito yokonza malamulo m'maiko a mu Africa kuphatikizapo South Africa, anakhala mayi woyamba kutsogolera Alberta mu Okutobala 2011. Mu 2012 anapambana mipando 61 pomwe chipani cha Wildrose cha mayi Danielle Smith chinapeza 17. Madzi atangosefukira analonjeza madola 1 biliyoni oyambira ntchito yokonzanso.

Koma chomwe chinawagwetsa chinachokera kwina. Mu Disembala 2013 anapita ku South Africa ku mwambo wokumbukira a Nelson Mandela, ndipo ulendowo unadya madola pafupifupi 45,000 a boma. Nkhaniyi inandipweteka pawiri. Munthu yemwe anagwirapo ntchito m'dziko lija anali ndi chifukwa chomveka chokakhuzira maliro amenewo, ndipo ine sindikanamuletsa. Koma anthu omwe nyumba zawo zinali zikununkhabe nkhungu, akudikira mafomu a chithandizo, sakanamva za ndalama zoterozo n'kukhala chete. Nkhani zina za kagwiritsidwe ntchito ka ndege za boma zinatsatira. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu Malichi 2014 anabweza ndalamazo, patangopita masiku ochepa anatula pansi udindo wa Premier, ndipo mu Ogasiti anasiyanso mpando wa Elbow.

Atatu otsatira

Premier watsopano, a Jim Prentice, anasankha a Gordon Dirks kukhala nduna ya maphunziro asanakhale n'komwe phungu, kenaka anawaimika ku Elbow pa chisankho chapadera cha pa 27 Okutobala 2014. Kampeni ili mkati, sukulu ina ya m'deralo inavomerezedwa kulandira makalasi oonjezera, ndipo mkulu woona za khalidwe la aphungu anadzudzula mchitidwewo ngakhale anapeza kuti lamulo silinaphwanyidwe. A Dirks anapambana ndi mavoti pafupifupi 800. Wachiwiri anali a Greg Clark, mtsogoleri wa kachipani kakang'ono ka Alberta Party, yemwe anali mmodzi wa oyambitsa gulu la anthu a m'mbali mwa mitsinje lomenyera chitetezo ku madzi osefukira.

Mu Disembala chaka chomwecho mayi Smith ndi aphungu ena asanu ndi atatu a Wildrose anawoloka kulowa PC. Ife odziwa mikangano ya gawo 65 la malamulo a dziko lathu tikudziwa momwe ovota amamvera phungu akachita zotere. Mtengo wa mafuta unagwa, a Prentice anaitanitsa chisankho nthawi isanakwane, ndipo pa 5 Meyi 2015 chipani cha New Democratic Party (NDP) cha mayi Rachel Notley chinatenga mipando 54. Ulamuliro wa PC wa zaka 44 unathera pomwepo. Koma Elbow sinatsatire mphepo ya NDP. Inasankha a Clark, ndipo unali mpando wokhawo womwe Alberta Party inapeza m'chigawo chonse.

Mu 2017 PC ndi Wildrose zinaphatikizana kupanga United Conservative Party, UCP, ndipo mu Epulo 2019 a Doug Schweitzer anawachotsa a Clark. Anakhala nduna ya zachilungamo, kenaka ya ntchito ndi chuma, mpaka anatula pansi mu Ogasiti 2022. Mu Okutobala mayi Smith, atabwereranso m'ndale, anakhala mtsogoleri wa UCP ndi Premier alibe mpando. Mpando wa Elbow unali poyera ukudikira munthu. Iwo anasankha kukaima ku Brooks-Medicine Hat, komwe phungu anawapatukira, ndipo ku Elbow sanaitanitse chisankho chapadera ponena kuti chisankho chachikulu chayandikira. Ine ndimaona kuti kumeneku kunali kulakwira anthu. Lamulo lalikulu lokhudza mphamvu za Alberta poyang'anizana ndi boma la ku Ottawa linadutsa mu Disembala 2022, bajeti inakambidwa kumayambiriro kwa 2023, ndipo pa zonsezi dera lathu linalibe pakamwa.

Mnyamata yemwe anagogoda

Tsono nayi nkhani yomwe yandichititsa kulemba zonsezi.

Unali mwezi wa Meyi 2023, kampeni itafika pachimake. Pa kapinga wa nyumba zambiri panali zikwangwani, zina za buluu zina za olenji, koma pakhomo pa agogo panalibe chilichonse. Masana ena ndikupinda zovala, belu linalira. Ndinatsegula n'kupeza mnyamata wa msinkhu wa ku yunivesite, atanyamula timapepala ta kampeni. Chipani chake sinditchula, chifukwa agogo anandiuza kuti a zipani zonse amadutsa njira yomweyo akafika pakhomo pawo.

Ndinkafuna kungolandira kapepalako n'kutseka chitseko, koma agogo anamva ali pabalaza.

"Muloze kuno, mwana wanga, usamubweze."

Mnyamatayo anayamba kulankhula zomwe anamuphunzitsa, za misonkho, za madokotala, za ntchito. Agogo anamvetsera mpaka anamaliza, osamudula. Kenaka anagwira choyendera chawo n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Tiye kuno ndikuonetse kanthu."

Tinatuluka tonse atatu kulowera ku garaja, ine nditawagwira pamkono. Kuchoka pabalaza kufika ku garaja ndi pafupi, koma kwa agogo ndi ulendo, ndipo mnyamatayo anayenda pambuyo pathu mwaulemu osathamangira. Titalowa anandiuza kuti ndisunthe makatoni omwe anali pakhoma. Kuseri kwake kunali mzere wa pensulo, wofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, ndipo pambali pake panalembedwa tsiku: 21 Juni 2013. Anaulemba ndi malemu amuna awo. Nyumba yonse inakonzedwanso, makoma anasinthidwa, koma khoma limeneli anakana kuti lipakidwe penti.

"Madzi anafika apa," anatero agogo. "Damu la Springbank analilengeza mu 2014. PC yadutsa, NDP yadutsa, pano ndi UCP. Mwezi wamawa ndi Juni. Mvula ikagwanso m'mapiri ngati ija, chomwe chiletse madzi kufika pamzerewu n'chiyani?"

Mnyamatayo anayankha kuti ntchito yomanga damulo inayamba chaka chathachi ndipo ikuyenda.

"Zimenezo ndikuzidziwa, ndimawerenga nyuzipepala. Ndikufunsa ngati yemwe wakutumayo akuzidziwa. Akudziwa kuti damulo ndi louma, longopatutsira madzi nthawi ya chigumula kenaka n'kuwabwezera mumtsinje pang'onopang'ono? Akudziwa kuti alimi a ng'ombe a ku Springbank ataya minda yawo kuti nyumba ngati inoyi itetezeke, ndiponso kuti a mtundu wa Tsuut'ina poyamba anakana? Chifukwa ngati sakudziwa omwe alipira mtengo wake, tsiku lomwe ntchitoyo idzavute sadzadziwa wokamba naye. Ndipo mtsinje wa Bow nawo ukudikira yankho lake."

Mnyamatayo anakhala chete kanthawi. Ndinkaona kuti akufufuza yankho m'mutu, ndipo ndinkaopa kuti anena bodza kuti angothana nazo. Sananame.

"Zonsezo sindikuzidziwa, mayi. Koma ndikafunsa."

"Ukafunse. Ndipo ukanene kuti mayi wina wa m'mbali mwa mtsinje wakhala miyezi isanu ndi inayi wopanda phungu, ndipo waiwerenga."

Analemba nambala ya foni ya agogo kuseri kwa kapepala kake. Asanatuluke anapempha ngati angajambule mzere uja, ndipo agogo analola. Sabata isanathe foni inabweradi kuchokera kwa anthu a kampeni, ndipo agogo anakambirana nawo nthawi yaitali atatsegula kope lawo pamiyendo.

Titabwerera pabalaza tsiku lija anali atatopa kwambiri, mpweya ukuwavuta. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, bwanji mukudzivutitsa chonchi? Mwana uja si amene akuimira."

"Iyeyo ndiye khutu lomwe anditumizira. Ndilankhule ndi ndani?"

Zomwe ndinaona m'garaja muja

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti agogo sanapemphe kanthu ka iwo eni. Ankadziwa bwino kuti mwina damulo lidzayamba kugwira ntchito iwo atasamukira kale kunyumba yosungirako okalamba. Ankafunsira chigwa chonse, mpaka alimi a kumtunda omwe sanawaonepo. Komanso sanalankhule ngati munthu wopempha chifundo. Analankhula ngati mwini ntchito yemwe akufunsa wofuna ganyu ngati ntchitoyo akuidziwa.

Ndinakumbuka misonkhano ya ndale ya kwathu, amayi atavala nsalu za chipani, akuvina kuyambira m'mawa dzuwa likuswa mtengo, kudikira bwana yemwe afike madzulo. Ndinakumbukanso mayi anga akupita kunyumba kwa phungu kukapempha galimoto yonyamula maliro a mlamu wawo. Sindikuwanyoza ngakhale pang'ono. Panalibe kwina kopita, ndipo maliro sadikira.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa n'kosavuta munthu uli kunja kumangoti kwathu sitidziwa kuvota. Si zoona. Amalawi timachotsa aphungu kwambiri, mwinanso kuposa kuno. Pa chisankho cha 2019, mwa mipando 193, oima paokha anatenga 55. Ovota a kwathu si nkhosa ayi. Kusiyana kuli pa zomwe timamuyeza nazo phungu. Kwathu timamuchotsa chifukwa sanagule bokosi, sanalipire fizi, anasowa m'mudzi atangopambana. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma lamulo silithetsa njala yomwe imachititsa munthu kutambasula dzanja. Agogo a ku Elbow Park atha kufunsa za damu chifukwa penshoni yawo imabwera yokha, ndipo akadwala ambulansi imafika popanda kuimbira phungu. Ufulu wofunsa funso lalikulu umatsamira pa tinthu tating'ono tomwe tinakonzedwa kale. Zimenezi zinandichititsa kuwamvera chisoni mayi anga m'malo mowaweruza, komanso kudzifunsa kuti ine, yemwe tsopano sindifunika kupempha phungu bokosi, chondiletsa kufunsa n'chiyani.

Omwe mulibe m'mbiriyi

Koma pali mbali ina yomwe agogo sanaitchule popinda zala zija, ndipo ine ndimaiona chifukwa cha komwe ndimagona.

Mu 2013 si eni nyumba okha omwe anaonongekeredwa. M'mabesimenti ambiri a m'mbali mwa mtsinje munkakhala anthu a lendi: ophunzira, ogwira ntchito m'malesitilanti, obwera kumene m'dziko muno. Madzi amayambira pansi, ndiye oyamba kumizidwa katundu anali iwowo. Eni nyumba anakonza n'kubwerera. Boma linagula nyumba zina zomwe zinali panjira yeniyeni ya madzi n'kuzigwetsa. Koma wa lendi anangonyamula chomwe chinatsala n'kukafuna malo kwina, ndipo voti yake inapita naye. Iyeyo alibe khoma loti alembepo mzere. Pomwe dera linkasankha pakati pa a Dirks ndi a Clark, ambiri mwa anthu amenewa anali atabalalika kale m'madera ena.

Ndiye palinso ife omwe timadzadza basi ya nambala 3 m'mawa: osamalira okalamba, olera ana, okonza m'nyumba, ochokera ku Philippines, ku Ethiopia, ku Nigeria, ndi ife ochepa a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Timathera tsiku lonse m'dera lino, koma ambiri amagona kwina, ndipo yemwe ali ndi chilolezo chokhazikika koma asanalandire unzika saloledwa kuvota. Ngakhale m'mafulati mwathu, ogogoda a kampeni safika kawirikawiri ngati momwe amafikira ku nyumba za kapinga. Belu la pageti likalira ndipo mawu ake ndi achilendo, ambiri sititsegula. Winanso ali ku shifiti ya usiku, masana akugona.

Choncho ndikamawerenga mndandanda wa aphungu a Calgary-Elbow, ndimauwerenga ndi ulemu, chifukwa ukuonetsa anthu osalola kutengedwa ngati katundu wa chipani. Koma ndimadziwanso kuti ndi mbiri ya omwe anali ndi mphamvu zokhala pamalo amodzi zaka zambiri. Nkhani ya damu inamveka chifukwa omwe ankaikamba anali ndi maloya pakati pawo, anali ndi nthawi yopita kumisonkhano, ndipo ankavota chisankho chilichonse osaphonya. Ngakhale ndi mphamvu zonsezo, panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi kuchokera pa chigumula kufika pomwe ntchito yomanga inayamba.

Chisankho cha pa 29 Meyi 2023, ndi zomwe zikubwera

Agogo ndinawaperekeza kukavota masiku oyambirira omwe amatsegulira anthu ofuna kuvota msanga, ndipo ine ndinaponya yanga pa tsiku lenilenilo. Yemwe anamuvotera sanandiuze, inenso sindinawafunse.

UCP inapambana chigawo ndi mipando 49, NDP inapeza 38. Mu Calgary, NDP inatenga mipando 14 mwa 26, ndipo umodzi mwa imeneyo unali Elbow. A Samir Kayande, omwe kale ankagwira ntchito younika malonda a mafuta ndi gasi, anakhala phungu wachisanu ndi chitatu wa derali, ndipo NDP inakhala chipani chachisanu kulitenga. Kusiyana kwa mavoti sikunafike 1,000.

Nambala imeneyi ndi yomwe ndakhala ndikuwauza anzanga a m'fulati. Mavoti osafika 1,000 ndi anthu a m'mafulati owerengeka chabe a ku Windsor Park. Mu 2008 anali 400 ndi kanthu. Mu 2014 anali pafupifupi 800. M'dera lotere palibe chipani chomwe chingakwanitse kunyalanyaza gulu la anthu omwe chikudziwa kuti adzavota.

Ndipo nkhani yathu tili nayo. Ku Alberta kulibe malire a kakwezedwe ka lendi. Lamulo limangoti landilodi asakweze koposa kamodzi pa chaka ndipo apereke chidziwitso nthawi ikadalipo, koma kuchuluka kwake ndi momwe iye wafunira. M'zaka zomwe anthu akhala akukhamukira ku Calgary kuchokera ku Ontario, ku British Columbia ndi kunja, ndaona mabanja a pakhonde pathu akusamuka limodzilimodzi, ana akusintha sukulu pakati pa chaka. Aliyense wosamuka ndi voti yomwe yachoka m'dera lino nkhani yake isanamveke. Pali omwe amati kuika malire kumafooketsa omanga nyumba zatsopano, ndipo mfundo imeneyo ndi yofunika kuimva. Chomwe ndikufuna n'chakuti aliyense wofuna mpando uno adzaikambe nkhaniyi pamaso pathu, osati kungoidumpha.

Chisankho chotsatira chikuyembekezeka mu Okutobala 2027, ndipo malire a madera akukonzedwanso chifukwa mipando ikuonjezeredwa. M'fulati mwathu tayamba kale kulembana mayina: ndani walandira unzika, ndani akudikira mayeso, ndani angathandize mnzake kudzaza mafomu. Mayi wina wa ku Eritrea wa pansi pathu ndiye akusunga kope. Tagwirizana kuti kampeni ikadzayamba tidzaitana oimira zipani zonse mmodzimmodzi m'chipinda chochezera cha pansi, Lamlungu masana pomwe ambiri sitili kuntchito, ndipo aliyense adzabwere ndi makalata onse omukwezera lendi omwe walandira chilowereni m'nyumbamo.